Makoko a manachesi, viniga, ndi botolo lopopera la kukhitchini kwanga

Kuyambira cha mu May mpaka August, aliyense wodutsa msewu wa ku Mwanza amadziwa kuti manachesi afika. Pa Zalewa amayi amakhala atawaunjika m'mabeseni, basi ikangoima onse ali pamawindo, ndipo ukafika mu Blantyre upeza milu yake ku Limbe, ku Ndirande, paliponse. Apongozi anga amakhala cha ku Mwanza komweko, ndiye nyengo imeneyi kwathu sitigula zipatso. Thumba limabwera pa minibasi, ana amadya mpaka kukana nsima, makoko ali mbwee pakhonde. Makoko amenewo ndi amene ndimapangira mankhwala opopera otsukira m'nyumba. Amayi anzanga a kumpingo akhala akundifunsa kapangidwe kake mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ndinayamba zimenezi chifukwa cha m'thumba. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza zotsukira zambiri za m'mabotolo okongola aja zimachokera kunja, makamaka ku South Africa, mitengo inakwera moti umaima kutsogolo kwa shelefu n'kumawerengera kuti botolo limodzi ndi ndiwo za masiku angati. China n'chakuti mwana wanga wachiwiri ali ndi mphumu, ndipo fungo lamphamvu la zopopera zogula limamutsokomoletsa. Viniga nayenso amaluma m'mphuno, zimenezo sindibisa, ndipo ndikamapopera ndimatsegula mawindo mwanayo ali panja. Koma fungo la viniga limatha pamalo pakangouma, pomwe la zogula zija limagona m'chipinda mpaka mawa.

Zofunika zake n'zochepa. Choyamba ndi viniga woyera, yemwe uja amathira pa chipisi ndi kabichi pa chiwaya. Wofiirira musiyeni, amasiya mtundu pa zinthu zoyera. Pogula werengani pepala la pabotolo: wabwino amalembedwa kuti asidi wake ndi 5 peresenti kapena pafupi pamenepo. Wa m'timabotolo topanda cholemba chilichonse simungadziwe kuti wathiridwa madzi ochuluka bwanji. Kenako botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, la mayonezi kapena la jamu, lotsuka bwino. Ndiye makoko: a manachesi, a mandimu, a malalanje, kapena kuphatikiza. Ine ndimakonda a mandimu koposa chifukwa fungo lake limagonjetsa la viniga, koma a manachesi ndi amene amapezeka aulere, choncho ndi amene amachuluka m'botolo langa.

Zipatsozo muzitsuke musanasende. Makoko muwaike m'botolo mpaka latsala pang'ono kudzaza, muwatsendere, kenako muthire viniga mpaka onse amire. Apa ndi pamene anthu ambiri zimawavuta: khoko lotulukira pamwamba limachita chuku, ndipo chuku chikalowa botolo lonse mwataya. Ine ndimaika kachivindikiro kakang'ono ka pulasitiki m'kati kuti kawapanikize pansi. Ngati chivindikiro cha botolo ndi chachitsulo, yalani kapepala ka pulasitiki pakamwa musanatseke, chifukwa viniga amadya chitsulo ndipo dzimbiri limagwera m'kati. Botololo liikeni m'kabati kwa masabata awiri, n'kumalikhutchumula mukalikumbukira. Simuyenera kukhala ndi makoko onse tsiku limodzi. Mutha kumaponyamo lero awiri, mawa atatu, bola viniga azikhala pamwamba pawo nthawi zonse.

Masabata awiriwo akatha viniga amakhala atasanduka wachikasu. Musefe kawiri, koyamba ndi sefa ya tiyi, kachiwiri ndi kansalu koyera, chifukwa kachidutswa kakang'ono kwambiri kamatseka kamwa la chopopera ndipo mudzayamba kunena kuti anakugulitsani botolo lachabe. Zosefazo musakanize ndi madzi owiritsa amene azizira, theka viniga, theka madzi. Pomaliza madontho awiri kapena atatu a sopo wamadzi wotsukira mbale. Ndati madontho, osati supuni; mukachulutsa muzingotsukuluza thovu tsiku lonse. Sopo wolimba wochapira zovala musamusungunulire m'menemo. Akakumana ndi asidi amabwerera kukhala mafuta, timabuluma toyera toterera timayandama pamwamba, ndipo m'malo moyeretsa mumapaka mafutawo patebulo.

Tsopano ndinene za makoko mosakometsera. Pakhungu lakunja la chipatso pali timatumba ting'onoting'ono ta mafuta. Finyani khoko pafupi ndi kandulo woyaka, muona timalawi tikuthetheka. Mafuta amenewo akatswiri amawatcha limonene, ndipo ndi amphamvu ndithu: mukafinyira khoko la lalanje pa chibaluni chopopa bwino, chimaphulika, chifukwa mafutawo amasungunula labala. Ana anga atangodziwa zimenezi, zibaluni za pa phwando lililonse zili pangozi. Khoko laliwisi limachotsanso zomatamata zimene zimatsala mukamatula kapepala ka mtengo pa kapu yatsopano. Koma mafuta ndi madzi sizigwirizana, ndipo viniga mbali yake yaikulu ndi madzi. Ndiye mafuta amene amalowa mu viniga ndi ochepa. Ntchito yaikulu ya makoko m'botolo langa ndi kuphimba fungo. Amene amachotsa mafuta ophikira pa chitofu ndi timadontho ta sopo tija. Amene amachotsa zoyera zouma za madzi ndi viniga. Ndikunena izi chifukwa ndawerengapo anthu akutamanda makoko ngati ndi amene amagwira ntchito yonse.

Pamene botolo ili limandisangalatsa kwambiri ndi pa fungo la nsomba. Mukakonza usipa wauwisi kapena chambo, sinki ndi thabwa zimanunkha ngakhale mutatsuka ndi sopo. Zimene zimanunkha mu nsomba zimafa mphamvu zikakumana ndi asidi, n'chifukwa chake timafinyira ndimu pa chambo chowotcha. Ndimatsuka kaye ndi sopo, kenako ndimapopera, n'kusiya mphindi zisanu, n'kupukuta. Firiji nayo chimodzimodzi. Magetsi akazima nthawi yaitali, madzi a nyama ndi nsomba amatsikira m'mashelefu, ndipo fungo lake limalowa mpaka m'madzi akumwa. Ndimatulutsa zonse, kutsuka mashelefu ndi madzi ofunda a sopo, kupopera, kupukuta, kenako kuika kambale ka soda pakona kuti kazikoka fungo lotsala. Labala wa pachitseko cha firiji ndimangomupukuta ndi nsalu yonyowa, viniga akamafikapo kawirikawiri amamuumitsa.

Magalasi a mawindo, makamaka mu September ndi October fumbi likavuta: pukutani kaye fumbilo ndi nsalu youma, poperani, kenako pukutani ndi nyuzipepala yakale. Nsalu imasiya ubweya, nyuzipepala siisiya. Chenjerani ndi mafelemu achitsulo ndi zitsulo zotchinga akuba. Zikanyowa ndi viniga muziumitse nthawi yomweyo, apo ayi dzimbiri likuyamba pamene penti inakanduka.

Nyerere zimayenda motsata fungo limene zinzawo zasiya m'njira. Mukapopera pamzere wawo kuchokera pa shuga mpaka pomwe zikulowera, zimasokonezeka n'kubalalika. Sizifa, ndipo ngati shuga akhalabe wosatseka zipeza njira ina madzulo omwewo. Mphemvu ndiye musadzivutitse, sizimva n'komwe.

Mchemwali wanga amakhala kudera limene amamwa madzi a pamjigo, ndipo ketulo yake imachita zoyera zolimba pansi, zimene ngakhale ndi sitiliwulo sizichoka. Zimenezo ndi laimu wa m'madzi, amene amatsalira madzi akamawira. Apa simufunika chopopera. Thirani viniga ndi madzi mofanana mpaka zoyerazo zimire, wiritsani kamodzi, siyani kwa ola, khuthulani, tsukuluzani, wiritsaninso madzi okha n'kutaya. Ketulo yamagetsi ikayera chonchi imawira msanga, ndiye mayunitsi amapulumukako. Mpope wa kubafa ukayera m'mbali, kulungani ndi kansalu konyowetsa mu viniga kwa theka la ola. Mutu wa shawa ukatsekeka timabowo, umangirireni jumbo yokhala ndi viniga.

Mphamvu yomweyi yosungunula laimu ndi imene imawononga zinthu zina, ndipo nyumba zathu zambiri zili ndi zinthu zimenezo. Ponyani chigoba cha dzira m'kapu ya viniga. Nthawi yomweyo chiyamba kutulutsa tithovu, pakutha pa tsiku limodzi kapena awiri chasungunuka. Simenti ili ndi laimu. Terrazzo, pansi paja pa timiyala tosakaniza ndi simenti n'kusalalitsa, ali ndi laimu. Mwala wa marble ndi laimu yekhayekha. Choncho pansi pa simenti, paja timapaka polishi wofiira n'kukwecha ndi burashi mpaka pawale, viniga asafikepo. Amachotsa kuwala kwa polishi, ndipo mukamabwereza pansi pamayamba kuchita mchenga. Matailosi enieniwo sawonongeka, koma timizere ta pakati pawo ndi simenti, ndiye ngati mwapopera matailosi a kubafa tsukuluzani ndi madzi, musasiye kuti ziumirepo. Tebulo lamatabwa lopaka vanishi limachita mabala otuwa. Galasi la foni, la TV ndi la kompyuta lili ndi kachikuto kosaoneka pamwamba kamene asidi amakadya. Kumeneko kansalu kofewa konyowa pang'ono n'kokwanira. Mipeni nayo musaiviike m'viniga.

Pa Facebook ndi pa TikTok pali mavidiyo ambiri a anthu akuthira soda m'viniga, thovu likusefukira, iwo akuti taonani mphamvu. Ndimawaonera ndikupukusa mutu. Soda, yemwe uja timathira mu therere, ali mbali imodzi ndi phulusa ndi chidulo. Viniga ndi mandimu ali mbali inayo. Zikakumana zimaphana mphamvu. Thovu lija ndi mpweya wa carbon dioxide ukuthawa, womwe uja uli mu zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo chotsala m'mbale ndi madzi okhala ndi kamchere kosathandiza kanthu. Mwataya soda, mwataya viniga. Choipa kwambiri, wina akasakaniza m'botolo n'kutseka, mpweyawo umasowa kolowera ndipo chivindikiro chimatha kuuluka. Soda ndimamugwiritsa ntchito payekha: ndimamuponda ndi timadzi pang'ono kuti akhale phala, n'kukwechera sinki, makapu amene achita dzimbiri la tiyi m'kati, kapena chitofu pamene mafuta anapsererapo. Ndikatsukuluza, ndipamene chopopera chimabwera pambuyo kuchotsa zoyera za soda zotsalira. Thovu lija limathandizako pang'ono pamalo amodzi okha, m'paipi ya sinki imene yayamba kununkha, chifukwa limatakasa zonyansa za m'mbali. Koma amene amamaliza ntchitoyo ndi madzi otentha amene mumathira pambuyo.

Apongozi atabwera kudzacheza anandipeza ndikupopera kunja kwa mpoto wa nyemba umene unada ndi mwaye wa pambaula. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Apongozi, mpoto wa pamakala sufuna zonunkhira. Umafuna phulusa ndi mkono." Ndinati, "Zoona amayi, ndimangoyesa." Anatapa phulusa la m'mbaula momwemo, ananyowetsa, anatenga chisa cha sitiliwulo chakutha, ndipo mpoto unawala ndikuona. Phulusa lili ndi zinthu ziwiri zimene botolo langa lilibe. Ndi lokhakhala, ndiye limapala. Komanso madzi ake ndi chidulo, chimene chikakumana ndi mafuta chimawasandutsa kukhala ngati sopo. Makolo m'mayiko ambiri ankapanga sopo weniweni ndi madzi a phulusa ndi mafuta a nyama. Ndiye pa mafuta okhuthala ndi mwaye, phulusa laulere lija limaposa viniga kutalitali. Kungoti limaumitsa khungu la m'manja mukalichulutsa, ndipo pa mapoto a aluminiyamu musalisiye nthawi yaitali, monganso soda, chifukwa limawadetsa. Mpoto wa aluminiyamu ukada m'kati, wiritsanimo madzi okhala ndi ndimu kapena viniga pang'ono, uyera. Musagonekemo viniga usiku wonse, amaboola timaenje.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani muuze aliyense amene amatsuka m'nyumba mwanu, kaya ndi mwana wa sukulu, kaya ndi mtsikana wokuthandizani ntchito. Viniga ndi Jik zisakumane. Osati m'botolo, osati m'ndowa, osati m'chimbudzi kuti wina wathira ichi mnzake n'kubwera kuthira icho. Asidi akalowa mu bulichi ngati Jik mumatuluka mpweya wa kolorini, umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Ndi mpweya womwewo umene unagwiritsidwa ntchito ngati chida pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Mabafa athu ambiri ndi ang'ono, kawindo kamodzi m'mwamba, chitseko chotseka. Munthu wogwada akukwecha amaupuma wonse. Madzi a mandimu nawo ndi asidi, lamulo lake ndi lomwelo. Zikachitika mwangozi, tulukani panja pa mphepo, siyani chitseko chotsegula, ndipo ngati chifuwa chikuthina pitani kuchipatala.

Izi sizikutanthauza kuti Jik ndamuchotsa m'nyumba. Ali m'kabati yake, ndipo pali ntchito zimene sindingapatse viniga. Viniga amafooketsa tizilombo tina, koma si mankhwala ophera majeremusi amene mungadalire matenda akalowa pakhomo. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, imene inayambira ku Machinga n'kufalikira m'maboma onse, inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa chake. Nthawi imeneyo alangizi a zaumoyo ankagawa kolorini m'madera, ndipo panalibe amene ankagawa mandimu. Munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza, chimbudzi, ndowa, pansi ndi zofunda zimafuna kolorini wosungunula motsatira zimene zalembedwa pabotolo kapena zimene alangizi anena. Thabwa limene mwadulirapo nkhuku yaiwisi limafuna sopo, madzi otentha, kenako bulichi wosungunula. Ndipo bulichi amagwira bwino pamalo amene mwayamba mwatsuka ndi sopo, chifukwa zonyansa zimamudya mphamvu. Wosungunula kale sachedwa kufooka, makamaka akakhala padzuwa, ndiye sungunulani wa tsiku lomwelo. Ndimaona anthu ena akamva mawu akuti zachilengedwe amaganiza kuti apeza cholowa m'malo mwa zonse. Nyengo ya mvula ikafika, mitsinje ya m'tauni itadzaza zinyalala, ine kubafa ndi kuchimbudzi ndimabwerera ku kolorini osachita manyazi, botolo la makoko n'kukhala la kukhitchini ndi mawindo basi.

Ena amandifunsa ngati angaikemo masamba. Ndimaikamo nthawi zina masamba a bulugamu kapena udzu wa tiyi wa mandimu uja timadzala kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi makoko pa masabata awiri aja. Amasintha fungo, ndipo viniga amada pang'ono, choncho wa masamba sindipopera pa zinthu zoyera. Timabotolo ta mafuta onunkhira togula m'masitolo sindigula, mtengo wake umapha cholinga chonse. Amene muli ndi amphaka dziwani kuti mafuta a zipatso za mtundu wa mandimu sagwirizana nawo, ndiye mbale ya mphaka ndi pogona pake tsukani ndi sopo ndi madzi okha.

Bambo a kunyumba kuno poyamba ankati khitchini ikununkha ngati pa chiwaya. Tsopano ndi amene amalitenga botolo kukapukutira magalasi a galimoto Loweruka, ndipo ndawauza kuti pa penti ndi pa malabala a mawindo asafikepo.

Za botolo lopoperalo. Gulani latsopano, amagulitsa m'masitolo a ziwiya za pulasitiki ndi m'mashopu a zipangizo za saluni. Botolo limene munali bulichi kapena zotsukira zina zamphamvu lisiyeni, ngakhale mutalitsukuluza, chifukwa m'kapaipi ndi m'mutu mwake mumatsalira. Limene munali mankhwala opopera mbewu kapena ophera nsikidzi ndiye musaliyandikize n'komwe kukhitchini. Viniga wosefa amene simunathire madzi amakhala miyezi ingapo m'botolo lagalasi lotseka, ndiye nyengo ya manachesi ndimapanga wambiri, n'kumasungunula pang'onopang'ono wokwanira masabata awiri kapena atatu. Wothira madzi akayamba kuchita mitambo m'kati kapena kusintha fungo, ndimakhuthulira m'sinki n'kupanga wina.

Wosungayo ndi wachikasu, amanunkhira malalanje, ndipo mwana wa zaka zitatu akamuona m'botolo la Sobo sangaganize kawiri. Ana ambiri amene amamwa parafini amamwa chifukwa anaikidwa m'botolo la zakumwa. Viniga wosungunula sangaphe mwana ngati parafini, koma amawawa m'kamwa, amalasa m'maso, ndipo muli sopo. Lembani ndi cholembera chosafufutika zimene zili m'kati ndi tsiku limene munapanga. Pa langa ndinawonjezera ndi zilembo zazikulu kuti OSASAKANIZA NDI JIK, ndipo limakhala pamwamba pa kabati pamodzi ndi machesi.